Kuitana Kopanda Mboni

Pali mawu ena a Chingerezi amene munthu umawadziwa zaka zambirimbiri koma osawatulutsa pakamwa ngakhale tsiku limodzi. Umakumana nawo m'mabuku, m'nyuzipepala kapena pa mayeso, n'kumangolonjerana nawo chapatali ngati mnansi wa tsidya lina la mtsinje. Limodzi mwa mawu oterewa ndi "beckon". Ndagwira ntchito m'boma zaka zoposa 20, m'maofesi momwe Chingerezi chimatafunidwa kuyambira m'mawa mpaka poweruka, koma sindidamvepo munthu akulitchula liwuli pocheza. Timangoti bwana wamuitana, basi. Chikhalirecho chimene liwuli limanena chimachitika m'maofesimo tsiku lililonse, mwinanso kangapo pa ola limodzi.

Tanthauzo lake si lovuta. Ndiko kuitana munthu ndi chizindikiro, kawirikawiri cha dzanja, nthawi zina cha chala, mutu kapena maso, kuti asendere pafupi kapena akutsate. Ife timati kukodola. Munthu sungamkodole ali kuseri kwa nyumba, popeza ayenera kukuona. Sungamkodole mumdima, ndipo sungamkodole pa foni. Komanso kukodola kumakokera munthu kwa iwe, sikumkankha ayi. Ukakupiza dzanja pothamangitsa ana amene akusokosera pawindo, Mngerezi sanena kuti wachita "beckon". Ali ndi mawu ena a zimenezo.

Pa kalembedwe, liwuli limalola njira ziwiri. Mutha kulemba kuti "she beckoned him" kapena "she beckoned to him", ndipo zonse n'zolondola. M'makutu mwanga, yachiwiriyi imamveka ngati mayiyo adangoponya chizindikirocho, za kuti bamboyo adabwera kapena ayi sitikudziwa. Mukafuna kuonetsa kumene munthu akukokeredwa mumawonjezera kamawu kamodzi: "beckoned him in" ngati akumlowetsa m'nyumba, "beckoned him over" ngati akumuitanira pamene iye waima. Kwathu kukodola n'kotakata pang'ono kuposa apa, chifukwa ngakhale kukhudza mnzako ndi chala pa benchi ya m'tchalitchi kuti aone amene walowa timati wamkodola. Mngerezi pamenepo amasintha liwu n'kunena kuti "nudge".

Amene mudagulapo puloti m'tauni mukuidziwa bikoni, kachipilala ka simenti kaja kamene oyeza malo amakwirira pa ngodya, kamene anansi amazulirana usiku mpaka kukathera kubwalo la milandu. Bikoni ndi "beacon", ndipo "beacon" ndi "beckon" ndi ana a mimba imodzi. M'Chingerezi chakale, cha zaka zoposa 1,000 zapitazo, mudali liwu lotanthauza chizindikiro, ndipo kuchokera pa liwulo mudatuluka mneni wotanthauza kupereka chizindikiro. Dzinalo ndilo lidasanduka "beacon", mneniwo n'kusanduka "beckon". Kale "beacon" udali moto woyatsidwa pamwamba pa phiri. M'chaka cha 1588, zombo za nkhondo za ku Spain zitaoneka kufupi ndi gombe la England, anthu adayatsa moto wotere phiri ndi phiri, uthenga n'kuyenda msanga kuposa munthu wa pa hatchi. Tsono moto pa phiri, mwala pa malire ndi dzanja lokwezedwa, zonsezi zimayankhula ndi maso a munthu, makutu ake osamvapo kanthu. Achenjere okha ndi ana asukulu potchula, chifukwa lilime likaterereka pang'ono amapezeka akunena za "bacon", nyama yankhumba yodyera tiyi.

Liwu lingakhale limodzi, koma manja a anthu sakodola mofanana. Mngerezi kapena munthu wa ku America amatembenuzira chikhatho kumwamba n'kumapinda zala cha kwa iye, mwinanso chala chimodzi chokha, chamkombaphala. Ife chikhatho chimayang'ana pansi kapena kutsogolo, zala zonse zinayi n'kumatsika pamodzi ngati tikukokera chinthu. Anthu a ku Japan nawonso amakodola chikhatho chili choyang'ana kutsogolo. Kamphaka kaja ka dzanja limodzi m'mwamba, kamene timakaona pa kauntala m'masitolo ena, kadachokera kumeneko. Dzina lake ndi maneki-neko, kutanthauza mphaka wokodola, ndipo ntchito yake n'kuitana ogula. Azungu ambiri akakaona amayesa kakutsazika. Chisokonezo chomwechi chimachitika kumudzi mlendo wachizungu akamatsazika ana potsegula ndi kutseka zala. Iye akuti tsalani bwino, anawo akumva kuti bwerani kuno, ndiye liwiro kulondola galimoto.

Za chala chimodzizo ndiye ayi. Akuluakulu adati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Ine ndikuwonjezera kuti sichiitananso munthu wa ndevu zake. Kuitana mnzako ndi kachala kopinda, chikhatho chili m'mwamba, kwathu n'kumuyesa galu. Ndipo ngakhale ukodole bwino ndi dzanja lonse, pali funso limene buku lomasulira mawu a Chingerezi silifunsa: kodi ndani ayenera kukodola ndani? Mwana sakodola bambo ake. Amanyamuka, n'kukagwada pafupi, n'kunena chapansipansi kuti, "Akukufunani kuseriku." Mkamwini sakodola apongozi, ngakhale nyumba ikupsa. Kukodola kumatsika kuchoka kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono, kapena kumayenda chopingasa pakati pa anthu a msinkhu umodzi, koma sikukwera chitunda. Akatswiri enieni a luso limeneli adali amayi athu. Kukabwera alendo, nkhuku n'kuphedwa, iwe n'kukhala pafupi ndi mphasa maso ali pa mbale, mayi sankakweza ngakhale dzanja. Ankangokuyang'ana, n'kupendeketsa mutu pang'ono cha kukhitchini, ndipo unkadzuka wekha ngati wakumbukira ntchito. Alendo osadziwa kuti padutsa lamulo.

Angerezi nawo amadziwa kuti m'liwuli muli ubwana. Ali ndi chining'a chakuti munthu ali "at someone's beck and call". "Beck" ameneyu ndi "beckon" yemweyo wodulidwa mchira, ndipo chining'achi chimanena za munthu amene moyo wake n'kudikira chala kapena mawu a mnzake. Ndikachimva ndimaona mesenjala atakhala pa benchi kunja kwa chitseko cha bwana, osatha kuwerenga nyuzipepala momasuka chifukwa diso limodzi liyenera kukhala pa chitsekocho.

Ambiri mwa ife tidayamba kukumana ndi liwuli m'Baibulo la Chingerezi la King James, lomwe lidatuluka m'chaka cha 1611. Likupezeka kangapo m'Chipangano Chatsopano, ndipo malo amene ndimawakonda ndi pa Luka 5. Simoni ndi anzake agwira nsomba zochuluka mpaka makoka ayamba kung'ambika, ndipo akukodola anzawo a m'ngalawa ina kuti adzathandize. Bwanji osangofuula? Mwina kudali kutali, mphepo ya panyanja ikadamwaza mawu. Mwinanso, monga adziwira aliyense amene adakhalako kunyanja, msodzi wanzeru salengeza kwa gombe lonse pamene pali nsomba. Pa Yohane 13, pa mgonero womaliza, Petro akukodola wophunzira amene adakhala pafupi ndi Yesu kuti afunse za munthu amene adzampereke. Funso loopsa chotero silikadatheka kulifuula anthu onse ali pa chakudya. Koma m'buku la Machitidwe, Paulo akuchita "beckon" ndi dzanja pamaso pa khamu la anthu, osati kuti abwere, koma kuti akhale chete amve. Apa tikuona kuti m'masiku amenewo liwuli lidali lidakali ndi tanthauzo lake lakale la kupereka chizindikiro chilichonse. Chingerezi cha lero chidalichepetsa, n'kulisiyira ntchito imodzi yoitana.

M'nkhani ya Petro ija ndi m'mene muli mtima wa liwuli. Kukodola kumapatula munthu mmodzi pagulu, gululo osamva. Dzina silitchulidwa. Chifukwa chake sichinenedwa. Kumeneku kungakhale chifundo chachikulu, ndipo ine ndidachilawa ndili Fomu 2 pa sukulu ina yogonera komweko, masiku amene foni zam'manja kudalibe ndipo uthenga wa maliro unkayenda pa wailesi kapena pa basi. Tidali m'kalasi ya masamu masana. Aphunzitsi aakulu adafika pakhomo, n'kunong'onezana ndi aphunzitsi athu, kenaka maso awo adayendayenda m'kalasimo mpaka adaima pa ine. Adakweza dzanja pang'ono, zala n'kutsika kawiri. Ndidatuluka anzanga ena akulembabe, osadziwa kuti ndatuluka. Pansi pa mtengo panja padaima atsibweni anga, chipewa chili m'manja, nsapato zili mbuu ndi fumbi.

"Tenga kachikwama kako, mphwanga," adatero. "Bambo ako adwala kwambiri, akufuna akuone."

Aliyense wokulira kumudzi amadziwa tanthauzo la mawu amenewo akachokera pakamwa pa atsibweni amene ayenda ulendo wa tsiku lathunthu. Koma ndidapatsidwa mpata woyenda kuchoka pa desiki kufika pa mtengo paja ngati mwana wasukulu wamba, popanda maso makumi anayi ondiperekeza. Aphunzitsi aja akadaima pakhomo n'kufuula dzina langa, ndikadalira pamaso pa kalasi yonse. Mpaka lero ndikaona pamaliro mkulu wina akukodola mnzake kuti apatukire kuseri kwa nyumba, kukakambirana za bokosi kapena za ufa umene watha, ndimaona ulemu womwewo. Zinthu zina zimafuna anthu awiri okha.

Komatu mpeni umene umasenda mbatata ndi womwewo umacheka chala. Kupatula munthu pagulu kumamchotseranso mboni. William Shakespeare adazidziwa bwino izi. M'sewero lake la Hamlet, lolembedwa cha m'ma 1600, mzukwa wa mfumu yomwalira ukuonekera usiku pa linga la Elsinore ku Denmark. Pali anthu atatu, Hamlet ndi anzake Horatio ndi Marcellus, koma mzukwawo sukuyankhula pamaso pa onsewo. Ukukodola Hamlet yekha kuti autsate. Anzakewo akumgwira, akumchenjeza kuti ungamtsogolere kuphompho kapena kunyanja, iye akuwakankha n'kupita. Zimene adauzidwa kumeneko adazimva yekha, ndipo sewero lonselo likuyenda pa mtolo umene munthu mmodzi adasenzetsedwa popanda wina womva nawo. Pomaliza mitembo ili ngundangunda.

M'boma mulibe mizukwa, koma zitseko zotsegulidwa theka zilimo zambiri. Ntchito ya boma idamangidwa pa pepala. Chilichonse chimayenera kukhala ndi fayilo, nambala, tsiku ndi siginecha, kuti mawa wina akafunsa, pepalalo liyankhe. Chingerezi chili ndi liwu la kuitana kwa mtundu umenewu, "summon", kumene kudachokera chisamani chathu cha kukhoti. Chisamani n'choopsa, munthu ukachilandira m'mimba mumatentha, koma chili ndi ubwino umodzi: chimanena amene wakuitana, tsiku lake ndi chifukwa chake, ndipo pali chidindo. Woitanayo sangadzakane. Kukodola kulibe chidindo. Sungakuike m'fayilo. Kukangotha, dzanja limabwerera m'thumba ngati silidachite kanthu.

Nditangoyamba ntchito, mu ofesi ina mudali bambo wina wachikulire wosunga mafayilo, amene adatsala zaka ziwiri kuti apume. Tsiku lina ataona bwana akundikodola pa chitseko, ine n'kudzambatuka manja ali lendelende, adandigwira mkono.

"Mnyamata wanga," adatero, "bwana akakuitana ndi kalata, pita wekha. Akakuitana ndi chala, pita ndi kope."

Adandiphunzitsa kuti ukatuluka m'chipindamo uzikhala pansi n'kulemba kamemo kaulemu, konena kuti potsatira zimene mwandilangiza lero nthawi yakutiyakuti, ndachita chakutichakuti. Kenaka kope limodzi kwa bwana, lina m'fayilo. Mabwana ena sakondwera nazo. Amakuyang'ana ngati wawatukwana, ndipo ulendo wina wa alawansi ukapezeka dzina lako limaiwalika. Koma ndidaonanso mnzathu wina, munthu wofatsa wa ana anayi, amene adakodoledwa madzulo ena anthu akuweruka, n'kuuzidwa kuti asaine vocha, mapepala otsala abwera mawa. Mapepalawo sadabwere. Ofufuza za chuma atafika, pa vochapo padali dzina lake lokha. Bwana uja atafunsidwa adatambasula manja omwe aja, ali oyera, n'kunena kuti, "Ine? Ndidamuitana liti?" Ndipo kunena zoona sadamuitane. Palibe adamva liwu lililonse. Mnzathuyo adakhala pakhomo miyezi yambiri ataimitsidwa ntchito, akugulitsa makala kuti ana adye.

N'chifukwa chake ndimachita chidwi ndi njira ina imene Angerezi amagwiritsira ntchito liwuli, yomwe ndi yofala kwambiri masiku ano. Amalipereka kwa zinthu zopanda manja. Munthu akatopa usiku amati "bed beckons", bedi likumkodola. Olemba zamasewero amati fainolo ikukodola timu yakuti. Usiku wa pa 14 Ogasiti 1947, dziko la India likulandira ufulu, Jawaharlal Nehru adauza nyumba ya malamulo ku New Delhi kuti tsogolo likuwakodola. M'kagwiritsidwe kameneka liwuli silifunanso kutchula wokodoledwa; chinthucho chimangoima patali n'kumakopa. Ndi liwu lokoma, la ulemu, losakakamiza. Limamveka ngati munthu ali ndi ufulu wopita kapena wokana.

Chichewa sichiyankhula motero kawirikawiri. Ife sitinena kuti mphasa ikundikodola, timati tulo tandigwira. Njala imatipweteka, ngongole imatithina, umphawi umatithamangitsa. Zinthu za m'chiyankhulo chathu zili ndi manja ogwira ndi okankha, osati okodola. Ndipo pa nkhani zina ndikuona kuti Chichewa ndicho chimanena zoona. Taganizani za mutu wa nkhani wonena kuti Johannesburg ikuchita "beckon" achinyamata athu. Liwulo likujambula mzinda wa magetsi utaima chapatali, ukumwetulira, dzanja lili m'mwamba. Silikunena za munda umene wachepa, za feteleza amene wakwera mtengo, za satifiketi ya Fomu 4 imene yakhala m'sutikesi zaka zisanu. Agogo athu amene ankapita kumigodi kudzera ku Wenela ankachita kulembedwa, kupimidwa ndi kudinda chala pa pepala. Kudali kuitana kwankhanza, koma kudali ndi mwini wake. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana m'chaka cha 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, padali woti n'kumuloza chala, ndipo Dr Banda adaimitsa kulemba anthu a kumigodi. Mnyamata wa lero amene amakwera basi ya ku Joni palibe adamulemba. Adangoona chithunzi cha mnzake pa Facebook atatsamira galimoto ya eni ake. M'zaka za 2008 ndi 2015, pamene alendo ankamenyedwa ndi kuotcheredwa nyumba ku South Africa, boma lathu lidachita kutumiza mabasi kukatenga anthu ake, ena atangotsala ndi zovala za m'thupi. Mzinda umene amati unkakodola uja udafunsa funso la bwana lija: ndidakuitanani liti?

Sindikunena kuti liwuli tilitaye. Pamalo pake ndi labwino zedi, ndipo wolemba amene walidziwa amapulumutsa mawu asanu ndi limodzi. Mmalo molemba kuti munthu adakweza dzanja n'kupereka chizindikiro choti mnzake abwere, amangoti "he beckoned", chiganizo n'kukhala chete ngati mmene dzanjalo lidakhalira. Chimene ndimakana ndi kulimwaza paliponse chifukwa choti likumveka lophunzira. Wolemba asanalilembe adzifunse ngati chinthucho chikukopadi munthu mwakachetechete, iye ali ndi mpata wotembenuka n'kuyang'ana kwina. Nyanja tsiku lotentha imakodola. Fungo la chimanga chootcha pa siteji ya basi limakodola. Koma mayeso sakodola, msonkho sukodola, ndipo imfa ya bambo anga sidandikodole. Adandikodola ndi aphunzitsi, pofuna kundichitira chifundo.

Kuntchito kwathu munthu akamayandikira zaka 60, anzake amayamba kumuseka pa tiyi, ndipo pa khadi lotsazikana sipalephera wina wa Chingerezi chambiri kulemba kuti "retirement beckons". Ndimawerenga n'kumwetulira, chifukwa ndaonapo mmene kupuma pantchito kumafikira. Kumabwera ndi kalata ya mu envulopu ya khaki, pamwamba pali nambala ya fayilo, m'munsi muli tsiku lomaliza kugwira ntchito ndi ndondomeko yobwezera makiyi a ofesi. Mesenjala amaima pambali pa desiki yako ndi buku lake lakuda, n'kukulozera pamzere poti usaine kuti walandira.